Mutu wa zipani zodana ndi obwera uja wandilowa tsopano

Anzanga a kosi ya ndale, mtima wanga wakhala pansi. Chimene chinkandizunguza pa mutu wa far-right uja, zipani zodana ndi obwera zija, n'chakuti anthu akamazikwiyira zipanizi, m'pamene zikukula. Taonani AfD ya ku Germany. Inayamba mu 2013 ikutsutsa ndalama ya euro, kenako n'kutembenukira kwa obwera. Mu Januwale 2024, zitamveka kuti ena a chipanichi anali pa msonkhano wa ku Potsdam wokambirana zothamangitsa obwera, chinamtindi cha anthu chinadzaza misewu ya Berlin, Hamburg ndi Munich. Zipani zinazo zimakaniratu kupanga nayo boma. Koma pa chisankho cha Febuluwale 2025 inapeza mavoti oposa 20 peresenti n'kukhala yachiwiri. Chega ya André Ventura ku Portugal chimodzimodzi: mpando umodzi m'nyumba ya malamulo mu 2019, mipando 50 mu 2024.

Nkhani yagona apa. Zipanizi zimalemba mizere iwiri. Wina umalekanitsa anthu wamba ndi akuluakulu odya okha, winawo umalekanitsa eni dziko ndi obwera. Wochita zionetsero maso ake ali pa mzere wachiwiri, akuti ili ndi tsankho, ndipo sakunama. Wovotera chipanicho maso ali pa woyamba. Ndiye zipani zakale, atolankhani ndi ophunzira akagwirizana zosala chipanicho, iye amangoti mwaonatu, onsewa ndi amodzi, akuopa amene akutiyankhulira. Kusalidwako kumasanduka kampeni yaulere. Anthu awiriwa amakangana ngati akukamba nkhani imodzi, chonsecho aliyense ali ndi yake.

Zinanditsegukira pamene ndimafotokozera achimwene tikusankha fodya m'chigafa kwathu kuno ku Kasungu. Mizere ija ndinailemba ndi khala pa katoni. Iwo anakhalako ku Joni, ndiye anangoseka. "Iwe, ndi Operation Dudula imeneyo, gulu lothamangitsa obwera ku Joni. Amene amakubweza pa geti la kiliniki si bwana ayi, ndi mnzako wosowa ntchito." Ine ndikuti njira yophunzirira ndi imeneyi basi: fotokozerani munthu amene sanalowe m'kalasimo. Zowerenga usiku wonse, zoloweza matanthauzo, zonsezo n'kutaya nthawi.

Aphunzitsi athu akanangoyambira pomwepa! Koma ayi, manotsi masamba ambirimbiri pa WhatsApp, kutumiza usiku magetsi atazima, foni ili pafupi kuthima. Ukafunsa, akuti werenganinso. Nanga munthu wa kumunda nthawi yowerenganso aitenga kuti, fodya akudikira kudinda?

Pamene pakundivutabe ndi pa funso la asayimenti lija, loti zipanizi zizisalidwa kapena ziloledwe m'boma. Ku Netherlands chipani cha Geert Wilders chinatsogola mu 2023, chinalowa m'boma la mgwirizano, ndipo mu Juni 2025 chinatulukamo boma n'kugwa. Kodi pamenepo ovota anaona kuti n'chimodzimodzi ndi enawo, kapena zodana ndi obwera zinangozolowereka? Mbali yoti ndilembe sindinaisankhe. Amene mwayamba kale, mwaigwira bwanji?