Mfuti zambiri zimafera patebulo

Shopu yathu ili ku Chipata, kuseri kwa nyumba yomwe timakhala. Amene amatifuna amatidziwa kale: alimi okhala ndi layisensi, alenje a safari a kuchigwa cha Luangwa, ndi nkhalamba zingapo zomwe zikusungabe mfuti ya .303 yakalekale. Timakonza mfuti za bolt, zija umakoka chogwirira ndi dzanja kuti chipolopolo china chilowe. Ine ndimakhala pa vayisi, mayi akunyumba amagwira buku ndi ndalama.

Ntchitoyi ndinaphunzira kwa malume, omwe anakalambira mosungira zida. Tsiku loyamba anandipatsira mfuti n'kunena kuti, "Gwira, ilibe kanthu iyi." Ndinalandira n'kuyamba kuitembenuza mosilira. Anandilanda, anakoka bolt, chipolopolo n'kugwera pansi. Chinali chophunzitsira, chopanda wonga, koma thukuta linandituluka. "Iwe, ngakhale ndinene ndine, usamve. Tsegula, khuthula magazini, suzumira, pisamo chala." Mpaka lero mfuti ikalowa pakhomo pathu imayamba yatsegulidwa, moni pambuyo, ndipo zipolopolo zimatsala kunja kwa chipinda chogwirira ntchito.

Tinatsegula mu 2011, ndipo chaka chomwecho ndinaphwanya mfuti ya kasitomala. Inali Lee-Enfield No. 1 Mk III ya agogo ena a ku Katete, chitako cha mfutiyo, thabwa lija limatsamira paphewa, chinkagwedera. Ndinalowetsa sikuludiraiva yaitali kumbuyo kuti ndimasule bawuti yogwira chitakocho. Inalimba, ine n'kuwonjezera mphamvu, kenako ndinangomva kuti tswa! Pa mtundu umenewu, nsonga ya bawutiyo ili ndi ngodya zinayi ndipo imakhala m'kachitsulo ka kumapeto kwa thabwa lakutsogolo. Ukaipotokola thabwalo usanalichotse, imaling'amba. Malume anali atandiuzapo, ine ndinaiwala chifukwa chothamangira kumaliza. Ndinatha milungu itatu ndikusema thabwa lina la mlombwa, osalandira ngakhale ngwee. Agogowo atabwera anangolisisita n'kunena kuti, "Mwanawe, bola wanena wekha." Thabwa long'ambikalo ndinalipachika pamwamba pa vayisi.

Mu 2013 boma linaimitsa ulenje wa safari, n'kudzautsegulanso mu 2014. Makampu a alenje a ku Lupande, m'chigwa cha Luangwa, anangoti zii, ndipo ife tinatsala ndi alimi okha. Ndinayamba kuwotcherera mageti kuti pakhomo pasasowe ufa. Koma nthawi imeneyo ndi yomwe mayi anakhala pansi ndi buku lawo n'kundionetsa chinthu. "Abambo, taonani zimene mumalemba apa. Mfuti izi sizinaonongekere kutchire ayi. Eni ake aziononga okha pozitsuka." Ankanena zoona.

Woyamba kupha mfuti ndi oyilo. Anthu amaikonda mfuti yawo mpaka kuimwetsa oyilo wa galimoto. Akaiimika pakona, oyiloyo amatsetserekera m'thabwa, thabwa n'kuda, n'kufewa, mpaka kung'aluka kuseri kwa chitsulo, makamaka pa mfuti zokankha kwambiri ngati .375 H&H ndi .458. Wina amalowa m'kati mwa bolt n'kukumana ndi fumbi la m'chigwa la mwezi wa October, n'kusanduka phala. Sipuling'i imalephera kukankha msomali womenya chipolopolo mwamphamvu, mfuti n'kungolira kuti khe. Kumva kulira kumeneko njati ili patsogolo pako, sindikufunira munthu. Oyilo wotsalira pomwe pamakhala chipolopolo ndi woipanso, chifukwa chikhungwa cha chipolopolo chimayenera kugwira khoma pophulika, ndipo chikaterera mphamvu yambiri imakathera pa bolt. Kansalu konyowa pang'ono n'kokwanira, ndipo posunga, kamwa ya mfuti iziyang'ana pansi.

Chodabwitsa n'chakuti nthawi zina mankhwala ake ndi madzi. Zipolopolo zakale za asilikali za .303 zimasiya mchere mumpope, ndipo oyilo sasungunula mchere. Munthu amapaka bwinobwino, koma patapita masiku ochepa dzinja dzimbiri ladya kale pansi pa oyiloyo. Timathira madzi owira kuchokera kumbuyo, chitsulo chimatentha n'kudziumitsa chokha, kenako tipake. Ketulo ya mayi inasamukira kushopu mwa njira imeneyi, ndipo mlanduwo sunathebe.

Ndodo yotsukira iziyambira kumbuyo, bolt itachotsedwa. Ukamailowetsa kukamwa imapala mlomo wa mpope pang'onopang'ono, mfuti n'kuyamba kumwaza, mwini wake n'kumanamizira galasi loonera. Ma screw nawo amafuna sikuludiraiva yodzaza mpata wake ndendende, osati ya kalipentala. Pa mfuti zina screw yakutsogolo ndi yakumbuyo, zomangira chitsulo kuthabwa, zimasiyana kutalika, ndipo yaitali ikalowa kutsogolo imatchinga bolt kuti isatsekeke. Ndakhala ndikulandira ndalama pa ntchito yongosinthanitsa ma screw awiri, ndipo chikumbumtima chimandivuta pang'ono.

Amene amandipatsa mantha ndi osinthanitsa ma bolt. Anyamata awiri apachibale anabwera ndi Lee-Enfield No. 4 ziwiri, ina ikudula zikhungwa za zipolopolo. Anali atazitsukira pamphasa imodzi, aliyense n'kutola bolt yomwe inali pafupi. Bolt iliyonse inayezedwera mfuti yake, n'chifukwa chake nambala ya pachogwirira imafanana ndi ya pamfuti, ndipo mitu ya bolt ya No. 4 ili ndi manambala 0 mpaka 3 malinga ndi kutalika kwake. Mpata wa pakati pa bolt ndi chipolopolo ukakula pang'ono chabe, chikhungwa chimatamuka n'kuduka, mpweya wamoto n'kubwerera kumaso. Ndinawafunsa kuti, "Achimwene, nsapato mumabwerekana, koma mano mungabwerekane?" Anaseka, koma wamng'onoyo anali ndi timabala takuda patsaya.

Mfuti ya Mauser 98 ndi zidzukulu zake ndimazikonda, chifukwa Paul Mauser anaganizira msilikali wopanda zida zomasulira. Koma nayo ili ndi mwambo wake. Safety, kachitsulo koletsa mfuti kuomba, iime pakati, chilili, bolt isanatuluke, ndipo mukatero zam'kati zimamasuka ndi manja okha. Mukadumpha pamenepo mudzalimbana ndi sipuling'i mpaka kutenga pulayala, ndipo zipsera za pulayala ndimaziona ndili patali. Brno ZKK 602, imene alenje akale a m'chigwa amaidalira, ili ndi safety yoyenda mosemphana ndi mfuti zambiri: umaikokera kumbuyo kuti uombe. Choncho ndikamanga mfuti iliyonse ndimaiyesa ili yopanda kanthu. Ndimatseka bolt mwamphamvu, ndimaika safety, ndimakoka trigger (kachitsulo kokoka ndi chala poomba), ndimachotsa safety, ndimagunditsa chitako pa mphira. Ikangodzigwetsa yokha kamodzi, situluka. Opempha kuti ndiwapalire trigger kuti ifewe kwambiri ndimawakaniza, ndipo angapo anapita osabweranso.

Enanso amene timabweza ndi opanda mapepala. Mayi amayamba aona layisensi n'kufananitsa nambala, ine ndisanakhudze. Kuno tili pafupi ndi nkhalango ya South Luangwa, ndipo munthu wobwera madzulo ndi mfuti m'thumba la feteleza timadziwa komwe akupita nayo.

Kuchokera pa zimene mayi anaona m'buku muja, tinayamba kuphunzitsa Loweruka m'mawa. Mwini mfuti amabwera ndi yake, amamasula yekha ine ndili chiimire pambali, manja kumbuyo monga ankachitira malume. Anzanga ankati ndikudzidulira msika. Zoona, mfuti zothyoka zachepa, koma nyengo ya ulenje isanayambe makampu amatumiza zawo zonse kuti tiziyeze, ndipo ndalama imeneyo njodalirika kuposa ya ngozi.

Sabata yatha mlimi wa ku Lundazi anabweretsa mfuti ya .30-06 yomwe inakhala chaka kuseri kwa kabati. Nditasuzumira mumpope sindinaone kuwala. Mavu anali atamangamo chisa cha dothi, chouma gwa, ndipo mkuluyo ankafuna kukaombera nayo nguluwe usiku womwewo. Tinachikankha ndi ndodo, tinatsuka, ndipo pochoka mayi anamugulitsa katepi komata kukamwa kwa mfuti.