Unduna wa Masauko Chipembere ndi mkangano wa za maiko akunja

Kuno ku Mangochi dzina la Henry Masauko Chipembere likatchulidwa, akuluakulu amathamangira kukamba za usiku wa pa 12 February 1965, pamene iye ndi anthu ake anachokera kummawa kwa nyanja n'kudzalanda zida kupolisi ya paboma, pamene masiku amenewo pankatchedwa Fort Johnston. Amakambanso za pantoni ya pa Liwonde imene anaipeza itakochezedwa tsidya lina la Shire, ulendo wa ku Zomba, likulu la dziko panthawiyo, n'kuthera pomwepo. Zonsezi ndi zoona, koma zimaphimba mfundo yakuti munthuyu anali nduna ya boma, ndipo mbali yaikulu ya zimene anasemphana ndi Dr. Kamuzu Banda inali ya ubale wa Malawi ndi maiko ena.

Chipembere, mwana wa mbusa wa mpingo wa Anglican amene anatumikira ku Malindi, anaphunzira ku yunivesite ya Fort Hare ku South Africa ndipo analowa m'Nyumba ya Malamulo mu 1956 pamodzi ndi Kanyama Chiume. Iye anali mmodzi mwa achinyamata amene anakakamira kuti Dr. Banda abwerere kumudzi mu 1958, ndipo anagwira ntchito yaikulu yomukweza pamaso pa anthu ngati mpulumutsi wa fuko. Atatuluka m'ndende mu 1963 anapatsidwa unduna wa maboma aang'ono, kenako wa maphunziro.

Dziko litangolandira ufulu pa 6 July 1964, Dr. Banda anapita ku msonkhano wa bungwe la umodzi wa Africa ku Cairo, kumene ananena poyera kuti Malawi sangadule ubale ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique. Nduna zake zinakhumudwa kwambiri, chifukwa anzawo a ku Tanzania ndi maiko ena ankaona ngati Malawi wagulitsa abale ake amene anali akadali pansi pa atsamunda. Panalinso nkhani ya China: kazembe wa dzikolo ku Dar es Salaam analonjeza thandizo la ndalama ngati Malawi angavomereze boma la ku Beijing, Chiume monga nduna ya zakunja anaikonda mfundoyo, koma Dr. Banda anaikana. Kumudzi kuno anthu ankadandaula za tiki (mapeni atatu) imene inayamba kulipiritsidwa m'zipatala za boma, ndipo ogwira ntchito m'boma ankanyansidwa ndi lipoti la Skinner lokhudza malipiro awo.

Zinthu zitafika poipa, Chipembere sanali m'dziko muno. Anali ku Canada pa msonkhano wa zamaphunziro wa maiko a Commonwealth. Pa 7 September Dr. Banda anachotsa Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Mayi Rose Chibambo, ndipo Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi maudindo awo. Chipembere sanachotsedwe. Akadafuna akadakhala chete n'kusunga galimoto ndi nyumba ya unduna, koma atangofika anatula pansi udindo, nakakhala pa mipando yakumbuyo m'Nyumba ya Malamulo ku Zomba. Kwa ine, tsiku limenelo ndi lolemera kuposa usiku wa zida uja, pakuti apo ankalankhula ngati nduna yofuna kuti nduna zizimvedwa, osati kumatchedwa anyamata pamisonkhano.

Sindikunena kuti Dr. Banda analibe mfundo. Aliyense amene wakwerapo mtunda wa ku Namwera mpaka pachipata cha Chiponde amadziwa kuti Mozambique watizinga, ndipo masiku amenewo katundu wathu ankadalira njanji ya ku Beira. Kudana ndi Apwitikizi kukadatseka njira ya mafuta, fodya ndi tiyi. Chimene ndimakana ndi chakuti nkhani yolemera chonchi inkagamulidwa ndi munthu mmodzi, nduna zimene zinali ndi udindo pa nkhaniyo zikungouzidwa. Komanso sitingabise kuti mphamvu zimenezo zinakula Chipembere mwiniwake akuthirira.

Boma linamuletsa kuchoka m'dera la Malindi, iye anathawira m'mapiri, ndipo kuukira kuja kutalephereka midzi ya kummawa kwa nyanja inazunzika kwambiri. Anatuluka m'dziko mwachinsinsi mu 1965 mothandizidwa ndi Bwanamkubwa Glyn Jones ndi akazembe a dziko la America. Anaphunzitsako ku Kivukoni College ku Dar es Salaam, kenako anapita ku California, kumene anamwalira mu 1975 atadwala matenda a shuga. Mayi Catherine Chipembere anadzabwerera kumudzi ndale za zipani zambiri zitayamba, ndipo anasankhidwa kukhala phungu kuno ku Mangochi.

Njira ya Dr. Banda ndiyo inatsatidwa: mu 1967 Malawi anakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi South Africa wa tsankho, ndipo anagwirana chanza ndi Taiwan kwa zaka zoposa 40. Ubale ndi Beijing, umene nduna za 1964 zinkaufuna, unadzasainidwa mu December 2007, pulezidenti ali Bingu wa Mutharika, nduna ya zakunja ali Mayi Joyce Banda.