Musanasinthe khadi la zithunzi, yambani mwayeza kompyuta yanu

Pa maphunziro anga a zipangizo za kompyuta, mutu umene wandigwira mtima kwambiri ndi wa graphics card, khadi limene limajambula chilichonse chooneka pa sikirini. Ndinaulowa ndili ndi cholinga: kompyuta yanga yayamba kulemedwa ndi magemu atsopano, ndipo ndikufuna kusintha khadi. Nditawerenga ndi kuyeza, ndaona kuti funso lakuti khadi labwino ndi liti silingayankhike palokha. Khadi limakhala labwino pa sikirini inayake, m'kati mwa kompyuta inayake, pa magemu amene munthuyo amasewera. Choncho ntchito yambiri yosankha imathera pa zimene muli nazo kale, mndandanda wa makhadi ogulitsa umabwera pambuyo.

Poyambira ndi sikirini, chifukwa ndiyo imalamula kukula kwa ntchito ya khadi. Sikirini ya 1080p, yomwe ndi 1920 ndi 1080, ili ndi mapikiselo (timadontho timene timapanga chithunzi) 2,073,600. Ya 1440p ili ndi 3,686,400, ndipo ya 4K ili ndi 8,294,400, kuwirikiza kanayi ya 1080p. Pikiselo iliyonse khadi liyenera kuiwerengera mtundu ndi kuwala kwake, ndipo liyenera kubwereza zimenezi pa felemu iliyonse, kutanthauza chithunzi chimodzi mwa zambiri zimene zimasinthana pa sekondi. Nditadziwerengera ndekha manambalawa papepala, m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake khadi lomwelo limathamanga mosavuta kwa mmodzi koma kwa wina likupuma wefuwefu. Sikirini ilinso ndi malire a liwiro. Ya 60 Hz imasintha chithunzi maulendo 60 pa sekondi, basi. Khadi likatulutsa mafelemu 200, sikiriniyo singawaonetse onse athunthu. Amene ali ndi sikirini yotereyi ndipo khadi lake limafika kale pa 60 mosavutikira, chimene chingamusinthire maonekedwe a gemu ndi sikirini yatsopano.

Chinthu china chimene chinanditsegula maso ndi kuwerenga liwiro kudzera pa nthawi ya felemu imodzi. Pa mafelemu 60 pa sekondi, kompyuta ili ndi ma millisecond 16.7 (sekondi imodzi ili ndi ma millisecond 1,000) oti ikonze felemu iliyonse. Pa mafelemu 144 yatsala ndi 6.9 okha. Gemu ikhoza kuonetsa avareji yokongola ya 90, koma apa ndi apo felemu imodzi n'kutenga ma millisecond 50, ndipo dzanja limamva kudodoma kumeneko ngakhale nambala yapakona ikuoneka bwino. N'chifukwa chake oyesa makhadi osamala amaonetsanso zimene amazitcha 1% low, kutanthauza liwiro la mafelemu ochedwetsetsa aja. Masiku ano ndikamaona tchati choyerekeza makhadi, diso langa limapita kaye pa nambala imeneyo. Kwa ine gemu yokhazikika pa 70 ndi yokoma kuisewera kuposa yodumphadumpha pakati pa 120 ndi 40.

Kenako pamabwera funso limene ambiri timalidumpha: kodi khadi ndilodi likuchedwetsa? Purosesa ndi khadi zimagwira ntchito ngati mmisiri womanga ndi womupatsira njerwa. Purosesa imakonza zochitika za gemu n'kupereka malangizo, khadi n'kujambula. Wopatsira akachedwa, mmisiri angakhale waluso chotani amangoima manja lende. Kuyeza kwake n'kosavuta. Tsegulani pulogalamu ngati MSI Afterburner kapena HWiNFO, sewerani gemu yanu ya masiku onse, ndipo onani mmene khadi likugwirira ntchito. Likamakhala pa 97 kapena 99 peresenti nthawi zonse, ndiye kuti khadi ndilo lafika pamapeto, ndipo latsopano lithandiza. Likamangozungulira pa 60 peresenti pamene simunaike malire a mafelemu, vuto lili kwina, kawirikawiri ku purosesa kapena ku RAM, memori imene kompyuta imagwiritsa ntchito pa zimene ikuchita nthawiyo. Njira ina ndi kutsitsa kwambiri resolution, kuchuluka kwa mapikiselo amene gemu ikujambula. Mafelemu akakwera, khadi ndilo linali lothodwa. Akangokhala pomwepo, purosesa ndiyo ikuchedwetsa. Magemu amasiyananso pamenepa: Counter-Strike 2 pa 1080p imadalira kwambiri purosesa, pamene Cyberpunk 2077 yoyatsidwa ray tracing (njira yowerengera kayendedwe ka kuwala kuti zinthu zioneke ngati zenizeni) imafinya khadi. Phunziro limeneli ndimalikonda chifukwa silifuna kukhulupirira wina aliyense, yankho limachokera m'kompyuta yanu yomweyo.

Nkhani ya VRAM, memori ya pakhadi pomwepo, ndiyo ndakhalitsapo. M'menemo ndi mmene mumasungidwa zithunzi za makoma, nkhope, udzu ndi zonse zimene gemu ikufuna pa nthawiyo. VRAM yochuluka siichititsa khadi lofooka kukhala lamphamvu. Koma ikachepa, khadi limayamba kubwereka RAM ya kompyuta kudzera pa motherboard (bolodi lalikulu limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo), njira yochedwa kwambiri, ndipo zotsatira zake ndi kudodoma kuja komanso zithunzi zosaoneka bwino zimene zimachedwa kuwongoka. Chovuta n'chakuti nambala ya khadi ikakwera, si nthawi zonse VRAM imakwera nayo. RTX 3060 ya 2021 inatuluka ndi 12GB, pamene RTX 4060 ya 2023 inabwera ndi 8GB. Yatsopanoyi ndi yothamangirapo ndipo imadya magetsi ochepa, mawati 115 poyerekeza ndi 170, koma gemu ikafuna memori yopitirira 8GB, yakale ija imapuma bwino. RTX 4060 Ti ndi RTX 5060 Ti zonse zili m'mitundu iwiri, ya 8GB ndi ya 16GB. Maganizo anga ndi akuti 8GB ikukwanirabe pa 1080p ngati munthu akulola kutsitsako zina, koma wogula khadi loti alisunge zaka zingapo pa 1440p ayang'ane 12GB kupita m'tsogolo. Chimene chimandiwawa n'chakuti VRAM simungaiwonjezere pambuyo pake ngati mmene timachitira ndi RAM. Imene mwagula nayo ndi yomweyo mpaka khadilo lidzapume.

Mayina nawo amafuna kuwawerenga mpaka kumapeto. GTX 1060 ya 2016 inali ndi mtundu wa 6GB ndi wa 3GB, ndipo kusiyana sikunali pa memori pokha: wa 6GB unali ndi ma CUDA core (timagawo towerengera ta m'khadi la Nvidia) 1,280, wa 3GB unali ndi 1,152. GT 1030 inatuluka ndi memori ya GDDR5, kenako panabwera ina ya DDR4 yochedwa kwambiri, dzina lili lomwelo. Ngakhale RTX 3060 ija inadzakhala ndi mtundu wa 8GB wokhala ndi njira ya memori yopapatiza, 128-bit m'malo mwa 192-bit. Ndiye poyerekeza, ndimalemba dzina lonse, kukula kwa memori ndi mtundu wake, kenako ndimafufuza zotsatira za mayeso a khadi lenilenilo pa magemu anga. Kuyerekeza ma core a Nvidia ndi a AMD sikuthandiza, mapangidwe ake ndi osiyana.

Pa kulowetsa khadi mu motherboard, nkhani yabwino ndi yakuti PCIe, malo amene khadi limalowa, imagwirizana ndi mibadwo yakale, khadi latsopano limagwira ntchito pa malo akale. Koma pali kamsampha: deta imadutsa pa PCIe kudzera m'njira zingapo, ndipo si khadi lililonse limagwiritsa zonse. Njira imodzi ya PCIe 3.0 imanyamula pafupifupi 1GB pa sekondi, ya 4.0 pafupifupi 2GB. Khadi logwiritsa njira zonse 16 silivutika kwenikweni pa motherboard yakale. RX 6500 XT ya 2022 ili ndi njira 4 zokha ndi VRAM ya 4GB, ndiye ikaikidwa pa PCIe 3.0 imataya liwiro looneka ndithu. Makhadi a Intel Arc, kuphatikizapo B580 ya 12GB imene inatuluka kumapeto kwa 2024, amafuna kuti Resizable BAR, imene imalola purosesa kufikira VRAM yonse nthawi imodzi, ikhale yoyatsidwa mu BIOS, pulogalamu ya zosintha za motherboard, ndipo makompyuta akale kwambiri alibe zimenezi.

Magetsi musawatengere chibwana. Malo a PCIe amapereka mawati 75, pulagi ya mapini 6 imawonjezera 75, ya mapini 8 imawonjezera 150. Makhadi akuluakulu a Nvidia amagwiritsa ntchito pulagi ya mapini 16 yotha kunyamula mpaka mawati 600, ndipo RTX 4090, yomwe imadya mawati 450, itatuluka mu 2022 panamveka nkhani za mapulagi osungunuka. Pulagi imeneyi imafuna kulowa mpaka kumapeto, waya wake osapindidwa pafupi ndi khadi. Tsegulani bokosi la kompyuta muwerenge chikalata chomatidwa pa power supply, chipangizo chogawa magetsi m'kompyuta: mawati angati, ndi ya kampani yodziwika kapena ayi, yatha zaka zingati, ili ndi mawaya oyenera. Power supply yofooka imazimitsa kompyuta gemu ili pakati, ndipo yoipa kwambiri ikhoza kupita ndi zipangizo zina. Tenganinso tepi muyeze malo. Makhadi ena amapitirira masentimita 30 m'litali ndipo amatseka malo atatu kumbuyo kwa bokosi. Khadi likalowa mothinana, mafani ake sapeza mpweya, limatentha n'kudzichepetsera lokha liwiro.

Za DLSS ya Nvidia, FSR ya AMD ndi XeSS ya Intel ndazimva motere: khadi limajambula chithunzi chaching'ono, kenako pulogalamu imachikulitsa kuti chikwane sikirini. Pa 1440p ndi 4K zimathandiza kwambiri ndipo nthawi zambiri diso silidandaula. Frame generation ndi nkhani ina. Imalowetsa mafelemu opangidwa pakati pa enieni, chithunzi chimaoneka chosalala, koma gemu siyankha msanga kuposa kale mukadina batani. Imakoma pamene liwiro loyambira lili kale labwino. N'chifukwa chake poyerekeza makhadi ndimafuna kuona kaye manambala opanda zimenezi, ndiponso ndimafufuza ngati magemu anga ali nazo, popeza si gemu iliyonse imazilandira.

Khadi logwiritsidwapo kale ntchito likhoza kukhala chisankho chanzeru. Makhadi otere anadzaza msika ndalama ya pa intaneti yotchedwa Ethereum itasiya kupangidwa pogwiritsa ntchito makhadi mu September 2022. Lotere muyenera kuliona likugwira ntchito musanalipire: lisewere gemu yolemera kwa kanthawi, muone kutentha kwake, mumvetsere mafani, muyang'ane ngati pa sikirini pakutuluka timadontho kapena mizere yachilendo, ndipo pulogalamu ya GPU-Z itsimikize kuti ndi khadi lomwe lalembedwa pabokosi.

Kwa ine, kuyeza kwaonetsa kuti khadi ndilo likufika pamapeto, purosesa ikadali ndi mpata, ndipo VRAM imadzaza pa magemu atsopano. Sikirini yanga ndi ya 1440p, choncho ndikuyang'ana makhadi a 16GB, pakati pa RTX 5060 Ti ya 16GB ndi RX 9070, malinga ndi mmene mayeso a magemu anga aonetsere komanso mmene thumba lilolere. Power supply yanga ndi yakale ndipo ndiyamba ndi kusintha imeneyo. Khadi likadzafika, ndidzachotsa madalayiva akale (mapulogalamu oyendetsa khadi) ndi pulogalamu ya DDU ndisanaike atsopano, kenako ndidzabwereza mayeso omwe aja pa malo omwewo a gemu, kuti ndidzakhale ndi manambala a mbali zonse ziwiri.