Loweruka la ma geji awiri

Lero ndadzuka m'bandakucha, tulo tatha ndi nkhani ya Land Rover. Dzulo madzulo ndikukwera msewu wa kuphiri la Zomba, singano ya geji ya kutentha kwa injini inayamba kukwawa mpaka kukagunda pofiira. Ndinaima pambali n'kutsegula boneti. Radiyeta sinali kuwira, fungo la kupsa panalibe, fanibeloti inali yokoka bwinobwino. Ndinatsika phiri pang'onopang'ono mtima uli m'mwamba.

Galimotoyi ndi Series III ya 1974, yaifupi ija ya mainchesi 88 kuchokera pa matayala a kutsogolo kufika pa a kumbuyo, injini ya petulo ya malita 2.25, yopangidwa ku Solihull, ku England. Anandisiyira ndi malemu bambo anga, ndipo sindingalole kuti injini yomwe iwo anaisamala zaka zonse zija idzapsere m'manja mwanga.

Amalume afika cha m'ma 8 koloko, tesita yawo ya babu ili m'thumba la malaya. Anagwira ntchito ya magetsi a galimoto mpaka kupuma. Andipeza ndagwira kale sipanala kuti ndichotse thermostat, kavavu kotsegula njira ya madzi opita ku radiyeta injini ikatentha.

"Taima kaye, mphwanga. Nanga geji ya mafuta ikuti chiyani?"

Ndayatsa kiyi. Singano yakwera mpaka kudutsa theka. Apa ndiye ndazizwa, chifukwa Lachinayi ndinathira malita 10 okha thanki ili pafupi kuuma, ndipo thankiyi imalowa malita 45. Sikanayenera kupitirira kota.

"Mboni ziwiri zikanama bodza lofanana, funsa amene wazituma," atero amalume, akumasula kale masikuluwu a dashibodi.

Amene wazituma ndi kabokosi kachitsulo, kochepa kuposa bokosi la machesi, komangidwa kuseri kwa sipidomita. Dzina lake ndi voltage stabiliser. Ma geji amenewa sayenda ndi maginito ayi. M'kati mwake muli kachitsulo kopyapyala ka mitundu iwiri yomatana, kokulungidwa ndi waya. Magetsi akadutsa kamatentha, kamapindika, n'kukankha singano. N'chifukwa chake ukayatsa kiyi singano imadzuka mwaulesi, ndipo ine kuyambira ndili mwana ndinkangoti ndi ukalamba wa galimoto. Tsono magetsi a m'galimoto sakhazikika: batire imapereka mavolti 12, injini ikalira alternator yotchaja batire ija imakweza mpaka cha m'ma 14. Ntchito ya kabokosi kaja ndi kudula ndi kulumikiza magetsi mosalekeza kuti pa avareji ma geji azilandira mavolti 10 nthawi zonse.

Chomwe chandisangalatsa lero ndi mitundu ya mawaya. Galimoto zakale za ku Britain zimatsata dongosolo limodzi, ndipo amalume amaliwerenga ngati kalata. Wabulauni amachokera ku batire, ndi wamoyo usana ndi usiku. Woyera amadzuka ndi kiyi. Wobiriwira amadzukanso ndi kiyi koma wadutsa pa fiyuzi. Wakuda ndi earth, wobwezera magetsi ku batire kudzera pa thupi la galimoto. Wobiriwira wa mzere wabuluu amapita ku sender, kachida koyeza kutentha pa injini, wa mzere wakuda amapita ku thanki, pansi pa mpando wa dalaivala. Mitunduyo yafwifwa ndi fumbi la zaka 50, koma ukapukuta ndi kansanza konyowa imaonekabe.

Kabokosi kaja kali ndi mapini olembedwa B ndi I. Pa B magetsi amalowa, pa I amatuluka kupita ku ma geji. Amalume agunditsa tesita pa B, babu yayaka. Agunditsa pa I, yayakanso nganganga osaphethira.

"Waona? Ikanakhala bwino bwenzi babuyi ikuphethira ngati indiketa. Apa magetsi akungodutsa onse."

Ine ndimati basi kafa, tikasake kena ku Limbe, kapenanso tiitanitse katsopano ka masiku ano kopanda zitsulo zoyenda m'kati. Iwo akana. Ati kabokosika kamatenga earth kudzera pa thupi lake lomwe, pomwe kamangidwa. Earth ikasowa, waya wotenthetsa m'katimo sagwira ntchito, kachitsulo sikapindika, ndiye sikadula kanthu. Titamasula tapeza pansi pake pali dzimbiri lofiirira, ndipo waya wakuda womangidwa pa nati ya sipidomita unali wogwedera, utagwira ndi timinga tiwiri tokha. Madzi a mvula amene amalowera pa ventileta ya pansi pa windisikilini ndiwo achita zimenezi, ndipo labala wa pamenepo ndakhala ndikuzengereza kumusintha chiyambire dzinja lathali.

Tachotsa waya wa negative pa batire, tapala dzimbiri ndi sandipepala mpaka chitsulo kuwala, tadula waya wakuda uja n'kuika kamutu katsopano. Titabwezera zonse, babu ya tesita yayamba kuphethira. Amalume angogwedeza mutu osanena kanthu. Geji ya mafuta yatsika n'kukhala pansi pa kota.

Sanalole kuti titseke dashibodi tisanayese geji iliyonse payokha. Azula waya wa pa sender ya kutentha, augunditsa pa injini kanthawi kochepa, singano yathamangira pofiira, auchotsa msanga kuti geji ingapse. Ya mafuta chimodzimodzi. Zonse zili moyo.

Titadya nsima ya masana takwera msewu wa dzulo uja, amalume ali pambali maso ali pa geji. Giya yachiwiri m'makona onse aja, injini ikubuula ndithu, koma singano yaima pa N, pakati posonyeza kutentha kwabwinobwino, osasuntha mpaka pa damu la Mulunguzi. Ndazimitsa injini, takhala kanthawi tikumva chitsulo chikuthetheka pozizira. Amalume andiuza kuti earth yomweyo anaikonzapo ndi bambo anga nthawi ina, mvula itangosiya, ndipo kamutu komwe tadula lero anaika ndi iwo awiri. Ndakatola pansi pa mpando ndakaika m'thumba.

Lolemba ndikasaka labala wa ventileta.