Kufiira kumene sikuoneka pa khungu lathu

Mabuku ambiri ophunzitsira madokotala amanena kuti khungu likatupa, chizindikiro choyamba ndi kufiira. Pa khungu loyera zimenezi n'zoona, koma pa khungu lakuda malo odwalawo nthawi zambiri amaoneka otuwa, kapena amada kuposa mbali zina za thupi. Nkhaniyi imandikhudza kwambiri chifukwa miyeso imene ochita kafukufuku amagwiritsa ntchito poona kukula kwa matenda oyabwa a pakhungu otchedwa eczema, monga EASI ndi SCORAD, imawerengera kufiirako. Zotsatira zake n'zakuti mwana wa ku Ndirande amene akudzikanda usiku wonse mpaka kutuluka magazi angalembedwe kuti matenda ake ndi aang'ono, pamene akuvutika kwambiri.

Eczema, imene ambiri timangoitcha chiwengo, imabwera khungu likalephera kusunga chinyezi ndi kutchinga zinthu zoyabwa. Mu 2006 akatswiri a ku Dundee, m'dziko la Scotland, anapeza kuti anthu ambiri odwala matendawa ali ndi vuto lobadwa nalo pa puloteni ya filaggrin, imene imalimbitsa khungu la pamwamba. Koma atafufuza odwala a ku Ethiopia ndi a ku South Africa, vuto lomwe limapezeka mwa anthu a ku Ulaya lija silinapezeke kawirikawiri, ngakhale kuti matendawo analipo ndithu. Apa m'pamene ndimaona kuti sitingangotenga zimene ena anapeza pa matupi awo n'kuganiza kuti funso lathu layankhidwa.

Kuno ku Blantyre ntchito yozindikira matenda ndi yovuta pa chifukwa chinanso. Munthu amene akuyabwa khungu angakhale ndi mphere, chipere, eczema, psoriasis (matenda okhuthalitsa khungu n'kulichititsa mamba), kapena zidzolo zobwera chitetezo cha m'thupi chikatsika chifukwa cha HIV, ndipo zonsezi zimafanana kwa munthu wosaphunzitsidwa. Ambiri asanafike kuchipatala amakhala atagula kale mafuta odzola mumsika wa Limbe kapena m'magolosale, ndipo ena mwa mafutawa, makamaka oyeretsa khungu, amakhala ndi mankhwala amphamvu a steroid monga clobetasol ndi betamethasone. Mafuta otere akadzoledwa pa chipere, kuyabwa kumachepa kwa masiku angapo, koma matendawo amafalikira n'kusintha maonekedwe, moti ngakhale dokotala amavutika kuwazindikira. Komatu kupala pang'ono khungulo n'kuliyang'ana pa maikulosikopu kungasonyeze ngati ndi chipere, ndipo kuyeza kumeneku n'kotsika mtengo.

Mankhwala atsopano alipo. Dupilumab, amene anavomerezedwa ku America mu 2017, ndi jakisoni amene amatseka njira ya mapuloteni a m'thupi otchedwa IL-4 ndi IL-13, omwe amakoleza kutupa kwa eczema, ndipo wathandiza anthu amene mankhwala ena anawalephera. Mtengo wake ndi woti banja wamba silingaukwanitse, choncho sindikhalitsa pamenepa. Zimene odwala athu angapeze ndi mafuta ofewetsa khungu monga Vaseline, hydrocortisone, steroid wodzola wa mphamvu yochepa amene wakhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira 1952, komanso methotrexate kwa amene psoriasis yawakula, moyang'aniridwa ndi dokotala chifukwa amafuna kuyezetsa magazi ndi chiwindi, ndipo mayi woyembekezera sayenera kumwa.

Kafukufuku amene ndikulakalaka ndi wa zinthu zimenezi. Tikufunika zithunzi zophunzitsira zojambulidwa pa khungu lathu, miyeso yowerengera kukhuthala kwa khungu, kuyabwa ndi kusowa tulo m'malo modalira kufiira, ndiponso kuyesa kuti ndi mafuta ati otsika mtengo amene amathandiza ana m'miyezi yozizira ya June ndi July, pamene khungu limauma ndi kung'ambika. Zipsera zakuda zotsalira matenda akapola ziyeneranso kuwerengedwa, chifukwa ndi zimene zimachititsa atsikana ambiri kubwerera kumsika kukagula mafuta oyeretsa aja.

Malo ochitira ntchitoyi tili nawo. Chipatala cha Gulupu chimalandira odwala ochokera m'chigawo chonse cha kum'mwera, sukulu ya Kamuzu University of Health Sciences ili pafupi pomwepo, ndipo ku Moshi, m'dziko la Tanzania, kuli sukulu imene yakhala ikuphunzitsa anthu a m'mayiko a mu Africa za matenda a khungu kuyambira 1992. Mu 2025 msonkhano waukulu wa bungwe la WHO unagwirizana kuti matenda a khungu aikidwe m'gulu la nkhani zofunika pa umoyo wa anthu. Pempho langa kwa amene amagawa ndalama za kafukufuku n'lakuti pambali pa malungo, TB ndi HIV, apatuleko gawo loti ophunzira athu afufuze eczema ndi psoriasis pa odwala a kuno kwathu.