Ulendo wathu wa ku Makhanga, ndi zenizeni za chigubu cha thobwa

Abale a m'gulu lathu la mabanja pano pa Nchalo, ndalemba lipoti ili chifukwa nkhani ya ulendo uja wokacheza ndi gulu la anzathu a ku Makhanga yayamba kukambidwa mosiyanasiyana, ena akuti chigubu chinagwa chokha, ena akuti a tcheya anagona m'minibasi njira yonse, ndiye ine sekilitale wanu ndati ndilembe zomwe ndinaona ndi maso angawa kuti amene munatsala musamamve za m'maluwa.

Tinagwirizana kunyamuka 5 koloko m'mawa koma tinanyamuka dzuwa litatuluka, ndipo chifukwa chake nonse mukuchidziwa, a Ndikubwera Pompano anali akusitabe malaya. Akazi awo anali atakhala kale m'galimoto ndi dengu la mandasi pamiyendo, akungoti "asiyeni, tsiku la chinkhoswe chathu anafikanso ankhoswe atatopa." Tinadutsa Ngabu, Sorgin, mpaka pa Bangula popanda vuto, kupatula kuti dalaivala anakana kuika wailesi chifukwa amayi a kwaya anali atayamba kale nyimbo ndipo sanasiye.

Pa Bangula ndi pomwe zinthu zinayambira. Inu a kumtunda amene simunafikeko, kuchoka pa Bangula kupita ku Makhanga palibe msewu wodutsa, madzi anadula njira ya sitima pamenepaja mu 1997 ndipo anthu amawoloka pa Mtayamoyo ndi mabwato, njinga, matumba a chimanga, mbuzi, zonse m'bwato. Ife a kuno kuchigwa tinangovula nsapato n'kukwera. Koma mlamu wathu wa ku Dedza, amene anakwatiwa kwa Asena chaka chathachi, anangoima pagombe n'kunena kuti "bambo a mwana, simunandiuze zimenezi pofunsira." Amuna awo anayesa kuwanyengerera, anawauza kuti iwo anakulira m'madzi omwewa, kuti mvuu zimakhala kutali, zomwe zinangowonjezera mantha chifukwa mlamu anali asanaganizeko n'komwe za mvuu. Mapeto ake bamboyo anapinda buluku, anawanyamula akazi awo pamaso pa anthu onse a padoko n'kukawakhazika pakati pa bwato, ndipo anawagwira dzanja mpaka kutsidya. Anyamata opalasa anaimba m'manja. Ine zinandisangalatsa kwambiri, chifukwa abambo ambiri kuno kugwira dzanja la mkazi pagulu amakuona ngati mlandu.

Tsopano za chigubu. Chigubu cha malita 20 cha thobwa chimene anaphika amayi a treja usiku wonse chinali m'manja mwa achimwene athu a ku Mzimba. Tili pakati pa madzi mwana wina m'bwato anakuwa kuti ng'ona, chinali chipika chabe, koma achimwene anadzidzimuka n'kukweza manja onse awiri ndipo chigubu chinapita. Sichinagwe chokha ayi. Chinayandama pang'ono, mnyamata wa bwato la m'mbuyo anachikoka ndi nkhafi koma chotsekera chinali chitachoka, theka thobwa theka madzi a Shire. Amayi a treja sanayankhule kanthu mpaka kutsidya, atafika anangoti "achimwene, inu amene munalowola ndi ng'ombe kwanu kuja, chigubu chimodzi chakukanikani?" Achimwene anayankha kuti ng'ombe sizikwera bwato. Tinaseka mpaka amayi a trejawo anasekanso, koma ngongole ya chimera ndi shuga ilipo ndithu ndipo ndailemba m'buku.

Anzathu a ku Makhanga anatichingamira padoko ndi nyimbo, amayi atavala zitenje zofanana, katundu wathu yense anatilanda n'kusenza okha. Dera lija ndi la mfumu yaikulu Mlolo, pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, ndiye madzi akabwera amabwera mbali ziwiri. Anationetsa mzere umene madzi a namondwe wa Freddy anasiya pakhoma la tchalitchi mu Malichi 2023, ndipo ena mwa iwo anamanganso nyumba atagwetseredwa kale mu 2015. Koma mmene anatilandirira simungadziwe kuti ndi anthu amene anataya zonse.

Pologalamu ya maphunziro inatenga m'mawa wonse. Aphunzitsi ena opuma amene amathandiza gulu lawo anatikumbutsa kuti lamulo la maukwati la 2015 limati munthu akwatire kapena kukwatiwa atakwana zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti agwirizane ndi zimenezi, kotero chilolezo cha makolo sichigwiranso ntchito pa mwana. Anatinso kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu malinga ndi lamulo la chuma cha masiye la 2011, ndipo miyambo yovulaza anthu inaletsedwa m'lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi. Tinaonanso mmene amasungira buku la banki mkhonde yawo. Zonse ndalemba ndipo ndidzawerenga pa msonkhano wa Lamlungu.

Nkhomaliro ndiye eee. Nsima ya mapira, mlamba wowamba wothira tomato, nsomba za makakana zokazinga, mbuzi imene anatiphera, ndi mbale ya nyika imene anatiikira dala kuti a kumtunda alawe chakudya chimene chimapulumutsa anthu m'chaka cha njala. Mlamu wa ku Dedza anatema nsima yofiirayo mwamantha, kenaka anapempha mtanda wachiwiri, ndipo apongozi awo aakazi amene anachokera mudzi wapafupi kudzawaona anaimirira n'kululutira. Achimwene a ku Mzimba anafunsa ngati mlamba ulibe mamba chifukwa cha kutentha kwa kuno. Amayi ena achikulire anawayankha kuti adye kaye mafunso pambuyo. Masau anatipatsa lichero lathunthu.

Mkangano unabuka tikusamba m'manja. Abambo ena a kumeneko ananena mwachifatse kuti kwa Asena mwamuna akapereka malowolo mkazi amapita kwa mwamuna ndipo ana ndi a kuchimuna, nkhani yatha. Mayi athu a ku Mulanje, amene mukudziwa kuti sasunga mawu m'kamwa, anati "pepani bambo, ine ana anga ali ndi mwini mbumba, malume awo ali moyo ku Mulanje, amuna angawa kwathu ndi akamwini ndipo mkamwini sakula mwendo." Amuna awo, Msena wa ku Tengani, anangoti "mayi a ana, ndiye mbuzi zija ndinapereka zinali za chiyani?" Anthu anagwa ndi phwete koma mkangano unakula ndithu, Amang'anja a kumeneko anaima mbali ya mayiwo chifukwa iwonso ndi a chikamwini, achimwene a ku Mzimba anaima ndi Asena, wina akuti ukalowola ndiye kuti wagula munthu, wina akuti ayi ndi kuthokoza makolo, wina akuti mkamwini amalima munda wa apongozi mpaka kukalamba kenaka ukwati ukatha amachoka ndi bulangete lokha. A tcheya anaimba m'manja kuti tikhale chete koma palibe anamva.

Amene anatikhazika pansi ndi mayi ena amasiye a m'gulu la kumeneko. Anati iwo ndi Mlomwe wa ku Phalombe, anakwatiwa kwa Asena, ndipo amuna awo anamwalira patapita miyezi yochepa chichitikire Freddy, nyumba ili yosamaliza kumanga. Abale ena a kuchimuna anayamba kukamba za mwambo wa kupita kufa (kulowa kufa), ena za malata ndi njinga, kwawo ku Phalombe nako amalume anatumiza uthenga kuti ana abwere. Apongozi awo aakazi ndi amene anaimirira pa bwalo n'kunena kuti uyu si mlendo, ndi mwana wanga, palibe amukhudze, malata akhomedwa pa nyumba yomweyi ndipo ana azipita kukaona amalume awo nthawi ya holide. Anati chinawathandiza ndi chakuti ankhoswe a mbali zonse anakambirana zimenezi poyera ukwati usanachitike, za komwe banja lidzakhale ndi za ana, ndipo nkhoswe wa kuchimuna anakumbukira mawu ake osawabweza. Apongoziwo analipo pomwepo, anakhala pamphasa akusenda masau, ndipo mpongozi wawo atamaliza anangoti "ndanena kale, ndi mwana wanga." Ine misozi inatuluka, ndipo sindinali ndekha.

Abale, m'gulu lathu muli Asena, Amang'anja, Alomwe, Achewa, Atumbuka ndi Ayao chifukwa ntchito ya nzimbe inatisonkhanitsa kuno, ndipo ana athu akwatirana mosakanikirana kuposa ife. Ndikupempha kuti nkhani ya ankhoswe kukambirana zonse poyera tiiyike pa ajenda, tisadikire maliro. Mabanja awiri anena kale kuti aitanitsa ankhoswe awo mwezi uno.

Madzulo anativinira utse ndipo anyamata anaimba valimba, a tcheya anavina mpaka chipewa chinagwa, ndiye amene mukuti anagona tsiku lonse mukunama, anagona pobwerera pokha kuyambira pa Sorgin. Mlamu wa ku Dedza anakwera bwato yekha pobwerera, koma dzanja anapemphabe.

Zikomo anzathu a ku Makhanga chifukwa cha mbuzi, mapira ndi mtima wanu. Zikomo amayi a treja chifukwa cha thobwa ngakhale ambiri analawa ndi a m'madzi, zikomo amayi a kwaya, a dalaivala amene anatidikira pa Bangula tsiku lonse padzuwa, ndi achinyamata amene anatsala ndi ana athu kunyumba. A Ndikubwera Pompano zikomo chifukwa cha mayunitsi ojambulira ndi kutumiza zithunzi. Anzathuwa abwera kudzatibwezera ulendo mvula isanayambe, ndiye amene simunamalize chopereka cha thiransipoti muonane ndi amayi a treja Lamlungu tikaweruka, ndipo achimwene a ku Mzimba mubweretse chigubu chatsopano chokhala ndi chotsekera.