Sabata ya chingwe, mababu ndi mithunzi

Ntchito yanga ndi yoyendera sukulu. Ndine mlangizi wa aphunzitsi, ndipo m'dera langa muli sukulu za pulayimale zingapo, zina za m'mbali mwa msewu, zina zoti njinga yamoto umaisiya tsidya lino n'kumaliza ulendo wapansi. Ndikafika ndimakhala kumbuyo kwa kalasi pabenchi ya ana, kuonerera phunziro, kenako kukhala pansi ndi mphunzitsi. Teremu ino tinagwirizana zolimbikira maphunziro ogwira ndi manja, oti ana aziyeza okha, kulumikiza okha, kuwerengera okha, osangokopera zapabolodi. Sabata yathayi ndinayenda ndi kope lapadera, ndipo zimene ndikulemba pano ndazitenga m'menemo.

Lolemba ndinafika pasukulu yoyamba ana akumaliza kusesa pabwalo. Ndinalowa Sitandade 7, nthawi ya masamu. Madamu anali atauziratu ana kuti abwere ndi zinthu zozungulira, ndiye patebulo panali zivundikiro za ndowa, zitini, ndi wilo la njinga lopanda thayala. Gulu lililonse linalandira chingwe ndi rula. Ntchito inali yokulunga chingwe kuzungulira chinthucho, kuchiwongola parula, kuyezanso kupingasa kwake podutsa pakati penipeni, kenako kugawa nambala yoyamba ndi yachiwiri. M'kalasi munali phokoso, koma linali phokoso la anthu okangana pa ntchito. Mayankho atayamba kukwera pabolodi tinaona 3.1, 3.2, 3.1, 3.0, kenako gulu la pakona linalemba 3.6.

Madamu atangoona 3.6 ija anandiponyera diso, n'kutenga dasitala. Ndinakweza dzanja kuwapempha kuti aisiye kaye. Tinaitana gululo kuti libwereze pamaso pa anzawo. Chingwe chawo chinali ulusi wosomola pajuzi yakale. Pokulunga chivundikiro ankaulekerera, koma poika parula ankaukoka kuti uwongoke bwino. Mtsikana wina wa pabenchi yachiwiri ndi amene anafuula asanakweze n'komwe mkono: "Madamu, ulusiwo ukutanuka!" Atabwereka chingwe cholimba kwa anzawo anapeza 3.1, ndipo kalasi yonse inawomba m'manja popanda wowauza.

Ana amenewa mawa adzaloweza kuti nambala yotchedwa pi ndi 22/7, koma tsopano akudziwa kumene ikuchokera, kuti kaya ndi chitini kaya ndi wilo, kuzungulira kwake kumaposa pang'ono kupingasa kwake katatu. Ndinawauza madamu pa nthawi yopuma kuti ngakhale 22/7 yeniyeniyo si yolondola ndendende. Archimedes wa ku Syracuse, zaka zoposa 2,200 zapitazo, anajambula zinthu za mbali 96 mkati ndi kunja kwa mzere wozungulira, n'kupeza kuti nambalayi ili pakati pa 223/71 ndi 22/7. Iyenso ankangoyandikira, monga ana aja. Madamu anaseka, kenako ananena chimene chinali kumtima kwawo: "Bwana, ine ndimaopa kuti mulemba zoti ana anga sanamve." Mawu amenewa ndinayenda nawo sabata yonse, chifukwa akusonyeza kuti mphunzitsi akabisa yankho lolakwika, nthawi zambiri akubisira ife oyendera.

Lachiwiri kunacha ndi mvula. Ndinafika mochedwa, nsapato zili matope okhaokha, ndipo ana ambiri a kutsidya kwa mtsinje anali asanafike. Pasukuluyi ndinkafuna kuona bokosi la zipangizo za sayansi limene analandira kalekale. A hedi anatulutsa kiyi m'thumba la jekete, n'kutsekula kabati ya muofesi yawo. Bokosi linalimo, laudongo ngati labwera dzulo: maginito, magalasi okulitsira zinthu, mathemomita, mawaya, timababu ta tochi. Mabatire okha ndi amene anaonetsa zaka zimene zadutsa, anali atatupa, atachita zoyera ngati mchere m'mbali. Ndinafunsa chifukwa chake zinthuzi sizifika m'kalasi. Anandiyankha mosabisa: "Zikasowa adzafunsa ine, ndinasayinira ndine." Sindingawaweruze a hediwa. Munthu amene anauzidwa kuti asamale katundu wasamaladi. Tinagwirizana zotsegula kope lobwereketsa, kuti mphunzitsi azisayina potenga ndi pobweza, ndiponso kuti babu ikapsa m'manja mwa mwana pophunzira, ilembedwe kuti yatha ntchito, pasakhale mlandu.

Kenako ndinalowa Sitandade 6, kumene aphunzitsi achinyamata ankaphunzitsa za magetsi. Anali atakonzekera ndithu. Anabwera ndi batire lawo la 1.5V, babu ndi mawaya awiri, n'kuima kutsogolo kulumikiza. Babu itayaka, ana a mabenchi atatu akutsogolo anati "eee!", pamene akumbuyo anakwera pamabenchi kusuzumira pamitu ya anzawo, ena n'kungokhala osaona kanthu. Phunziro lonse batire silinachoke m'manja mwa aphunzitsi. Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Titatuluka ndinawauza kuti chimene achita ndi chionetsero chabe, ana sanagwire kanthu, ndipo ndinanena zimenezi pakhonde, mphunzitsi mnzawo ali pomwepo. Zinali zoona, koma malo ake sanali amenewo. Nkhope yawo inagwa, anangoti "Chabwino bwana," n'kulowa m'kalasi. Munthu wagula batire ndi ndalama zake kuti ana aone babu ikuyaka, ine n'kuyamba ndi chimene chasowa. Madzulo ndinawaimbira foni kupepesa. Ndinawauzanso kanthu kena koti akayese akadzapeza mabatire angapo: apatse gulu lililonse batire limodzi, babu imodzi ndi waya umodzi wokha, n'kuwauza kuti ayatse. Ana ambiri amayamba ndi kugunditsa waya pamutu pa batire ndi pababu, osayaka. Amavutika mpaka wina atazindikira kuti babu ili ndi malo awiri ofunika kukhudzidwa, kansonga ka pansi ndi chitsulo cha m'mbali, ndipo kuti njira iyenera kuchoka mbali imodzi ya batire n'kubwerera mbali inayo. Anandimvetsera, koma mayankho awo anali afupiafupi.

Lachitatu linathera muofesi ndi mafomu: chiwerengero cha ana, aphunzitsi amene ali patchuthi chodwala, kalata ya denga lodontha la kalasi ina. Masana ndinakumana ndi makolo a komiti ya sukulu pa nkhani ya zimbudzi za atsikana, imene yakhala ikuchititsa ena kujomba. Zimenezi sizilowa m'buku la masamu, koma mwana amene sanabwere sangagwire chingwe kapena rula.

Lachinayi ndi tsiku limene ndidzalikumbuke nthawi yaitali. Sukulu yake ndi yakutali kuposa zonse, ndipo Sitandade 8 amaphunzitsa bambo wina wachikulire amene watsala pang'ono kupuma pantchito. Cha m'ma 10 koloko anatulutsa ana onse panja, n'kuwaloza mtengo waukulu wa pakati pa bwalo. "Ndikufuna kutalika kwa mtengo uwu. Wina asakwere." Anawapatsa ndodo yotalika mita imodzi ndi tepi yoyezera, iwo n'kukakhala pachitsa, manja pamaondo. Ana anazungulirazungulira mtengo. Ena anati aimike ndodo patsinde n'kumawerenga ndi maso kuti ikulowa kangati. Ena anati ayeze mnzawo wamtali, kenako ayerekeze. Ine mtima unkandiyabwa kuti ndiwatchulire za mthunzi, ndipo ndinadzuka ndithu. Aphunzitsi aja anandigwira mkono pang'ono, n'kunena chapansipansi: "Khalani pansi bwana, kuona maso a nkhono n'kudekha."

Patapita mphindi zingapo, mtsikana wina anazika ndodo pansi kuti apumitse dzanja, ndipo mnzake anaona mthunzi wake. Mkangano unayambira pomwepo. Anayeza mthunzi wa ndodo, anapeza masentimita 80. Anathamangira mthunzi wa mtengo, kukoka tepi kuchokera patsinde mpaka pansonga, anapeza mamita 9.6. Kuchoka apo kufika pa yankho kunawatengera nthawi, akulemba padothi ndi timitengo, mpaka gulu lina linati ngati masentimita 80 a mthunzi akuimira mita imodzi, ndiye mtengowo ndi mamita 12. Gulu lachiwiri, limene linayeza mtengo mochedwa, linapeza nambala yochepa, ndipo anayamba kunenana kuti wina wagwira tepi mokhota.

Amene anathetsa mkangano ndi mnyamata wamkulu msinkhu, wobwereza kalasi, amene ndinauzidwa m'mawa kuti m'kalasi satsegula pakamwa. Iye anali ataika kamwala pansonga ya mthunzi wa ndodo pamene anzake ankayeza koyamba. Anaitana aphunzitsi: "Sala, tabwerani muone, mthunzi wathawa pamwala." Unali utafupikadi, chifukwa dzuwa linali likukwera. Anafotokozera anzake, mawu akunjenjemera pang'ono, kuti ndodo ndi mtengo ziyenera kuyezedwa nthawi imodzi, wina uku wina uko. Anabwereza motero, magulu onse awiri n'kugwirizana. Ndinayang'ana aphunzitsi aja, maso awo anali pa mnyamatayo, osaphethira.

Atabwerera m'kalasi anawasimbira za Eratosthenes, amene anayeza kukula kwa dziko lonse ndi nzeru yomweyi ya mthunzi zaka zoposa 2,200 zapitazo. Anadziwa kuti ku Syene, kumene lero ndi Aswan ku Egypt, pali tsiku lina pachaka limene masana dzuwa limakhala pamutu penipeni, ndodo yoimika osachita mthunzi. Tsiku lomwelo ku Alexandria mthunzi unapendekeka madigiri pafupifupi 7.2, limene ndi gawo limodzi mwa magawo 50 a mzere wozungulira wathunthu. Anachulukitsa mtunda wa pakati pa mizinda iwiriyo ka 50, n'kupeza kuzungulira kwa dziko, kumene lero timadziwa kuti ndi makilomita pafupifupi 40,000. Nkhani imeneyi ndinaimvapo ikusimbidwa kwa ana ongokhala phee osagwira kanthu, ndipo inangowadutsa. Awa anali ndi fumbi la tepi m'manja, ndipo mafunso awo anapitirira belu litalira.

Lachisanu tinali ndi msonkhano wa aphunzitsi a sukulu zonse za m'dera. Ndinasiya mapepala amene ndinakonza, n'kumangirira chingwe cha mita imodzi pamtanda wa denga, kumapeto kwake mwala waung'ono. Ndinafunsa kuti tikachotsa mwalawu n'kuikapo wolemera kwambiri, katungweyu athamanga kapena achedwa. Chipinda chinagawikana, ena akuti wolemera athamanga, ena akuti achedwa, aliyense ndi zifukwa zake. Ndinawagawira zingwe ndi miyala kuti ayese okha ndi wotchi ya pafoni. Kupita ndi kubwera kakhumi kunatenga masekondi pafupifupi 20 ndi mwala waung'ono, ndipo ndi mwala waukulu chimodzimodzi. Mayi wina sanakhulupirire, anabwereza katatu. Titafupikitsa chingwe kufika masentimita 25, nthawi inatsika kufika masekondi pafupifupi 10. Chimene chimalamula ndi kutalika kwa chingwe. Galileo anazifufuza zimenezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600, ndipo mu 1656 Christiaan Huygens anapanga wotchi yoyendera nzeru yomweyi. Koma chimene ndinkafuna kuti aphunzitsi alawe ndi mmene zimamvekera kukhala wotsimikiza, kenako chingwe cha m'manja mwako n'kukutsutsa popanda wokunyoza.

Madandaulo anabwera, ndipo anali omveka. Kalasi ya ana ochuluka uigawa bwanji m'magulu? Silabasi ndi yaitali, mayeso sadikira, phunziro la mthunzi ladya mapiriyodi awiri pamene pabolodi likanatha mphindi khumi. Amene amanena zimenezi si aulesi, ndi anthu amene amalowa m'kalasi tsiku lililonse pamene ine ndimabwera kamodzi pamwezi. Sindinawalonjeze kuti phunziro lililonse lingakhale lotere. Tinagwirizana kuti aliyense asankhe mitu iwiri kapena itatu pateremu imene ana amaiwala chaka ndi chaka, n'kuiphunzitsa ndi manja, ina yonse ipite monga mwa masiku onse. Bambo wina anati izi n'za sukulu za ana a anthu olemera. Ndinawakumbutsa kuti Maria Montessori, amene dzina lake lero limamveka pa sukulu zodula, anatsegula sukulu yake yoyamba mu 1907 ku San Lorenzo, dera la anthu osauka mumzinda wa Rome. Ndinawakumbutsanso kuti sabata yonseyi zipangizo zimene ndaona zikugwira ntchito ndi chingwe, ndodo, zitini ndi miyala, pamene zogula zinali zokhomeredwa m'kabati. Kumbali yanga ndinalonjeza pamaso pa onse kuti ndikapeza kalasi yaphokoso kapena yankho lolakwika pabolodi, sindidzalemba kuti mphunzitsi walephera ndisanafunse chimene ana akuchita.

Anthu akubalalika, ndikumasula zingwe pamtanda, aphunzitsi achinyamata a Sitandade 6 aja anatsalira pakhomo. Msonkhano wonse sanalankhule. Anandiyandikira n'kunena kuti a hedi atsegula kabati, mababu ndi mawaya asayinira kale m'kope, ndipo mabatire asanu ndi limodzi apeza pobwereka m'matochi a aphunzitsi anzawo. "Ndikufuna ndiyese za waya umodzi zija Lachiwiri, piriyodi yachitatu. Mukakhala ndi mpata mubwere, koma musawauze ana yankho." Lachiwiri ndinali nditalemba sukulu ina. Ndinatulutsa kope, kufufuta, n'kulemba dzina la sukulu yawo.